Mabwinja m'mawa, vinyo masana

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ngakhale ena pano mwamera imvi kuposa ine. Ambiri mwakhala mukundifunsa za ku Italy kuja, ena mpaka kundiimitsa pamsika, ndiye lero ndati ndilembeko za tsiku limodzi lokha. Masiku enawo anali a m'matchalitchi ndi m'masitolo, zoti wina aliyense angakuuzeni.

Ku Naples, ku Sorrento ngakhalenso ku Rome kuli makampani ambirimbiri ogulitsa ulendo wa tsiku limodzi wa mtundu uwu: m'mawa akutengani pa minibasi kukaona mabwinja a Pompeii, mzinda umene unakwiririka pamene phiri la Vesuvius linaphulika m'chaka cha 79 AD, ndipo masana akukwezani m'mbali mwa phiri lomwelo, kumunda wa mpesa, kuti mukadye ndi kulawa vinyo. Maola awiri kwa akufa, maola awiri patebulo, madzulo akukutulani pamene anakutengani. Ine ndinapita mu October 2023. Anandilipirira ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito kumeneko, ndipo mtengo wake anakana kundiuza. Nditaumva kwa mzungu wina m'minibasimo ndinangowerengera mumtima matumba a feteleza n'kukhala chete.

Inu amene ndinakuphunzitsani Geography mukukumbukira phiri lija ndinkajambula pabolodi, lokhala ndi mpopi pakati ndi choko chofiira chikutuluka pamwamba. Chaka chilichonse, popanda kuphonya, pamakhala mwana mmodzi amene amaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga anthuwo amakhaliranji pamenepo? Bwanji osasamuka?" Yankho la m'buku ndi mzere umodzi: nthaka yake ndi yachonde. Malikisi amodzi, basi tipite kutsogolo. Chimene ndikufuna kukuuzani n'chakuti ulendo umenewu uli ndi yankho lonse la funso la mwana uja, koma ogulitsawo analidula pakati. Theka amakupatsani m'mawa, theka lina masana, ndipo palibe amene amalumikiza. Wotionetsa mabwinja anatisiya pachipata n'kutsanzika, ndipo kumunda kuja anatilandira munthu wina amene nkhani yake inali fungo la vinyo.

Pompeii ndi wamkulu, abale. Mkati mwa linga muli mahekitala pafupifupi 66, ndipo chiyambireni kukumba mu 1748 afukula magawo awiri mwa atatu. Maola awiri n'ngongonunkhiza. Wotiperekeza anali bambo wa msinkhu wangawu, atanyamula ambulera yopinda m'mwamba kuti tisamutaye, ndipo aliyense anatipatsa kachingwe koika m'khutu kuti tizimumva ngakhale ali patali. Tinali ndi mwayi kuti anatilowetsera chipata cha kum'mawa, cha kubwalo la masewera. Bwalo limenelo linamangidwa cha m'ma 70 BC ndipo munkalowa anthu pafupifupi 20,000. M'chaka cha 59 AD anthu a ku Pompeii anamenyana momwemo ndi alendo ochokera ku Nuceria mpaka ena kufa, ndipo akuluakulu a ku Rome analetsa masewerawo kwa zaka 10. Okonda mpira, musati za kutseka mabwalo zinayamba ndi inu.

Kungotuluka m'bwalomo, tsidya lina la kamsewu, pali munda wa mpesa. Gulu lathu linaudutsa ngati tikudutsa dimba la eni ake, ndipo wotiperekeza anangouloza ndi ambulera. Koma munda umenewo uli ndi nkhani. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankati pamenepo panali msika wa ng'ombe. M'zaka za m'ma 1960 mayi wina wa ku America, Wilhelmina Jashemski, anakumba bwinobwino mpaka kufika panthaka imene anthu ankaponda mu 79 AD, ndipo anapeza timaenje tambirimbiri mmene mizu inaolera. Anachotsamo timiyala ta phiri, n'kuthiramo simenti, ndipo itauma kunatuluka maonekedwe a mizu ya mpesa, yoposa 2,000, itandandalika m'mizere, uliwonse uli ndi kadzenje ka mtengo wochirikiza pambali pake. Tangoganizani, mkati mwenimweni mwa mzinda, pafupi ndi bwalo la masewera, malo oti munthu akanamangapo nyumba za lendi, mwini wake anaona kuti phindu lili mu mpesa. Mu 1996 kampani ya vinyo ya Mastroberardino inaloledwa kubzalanso mpesa m'mabwinjamo motsatira mizere yakaleyo, ndipo vinyo woyamba anachokera m'zokolola za 2001.

Kuchokera apo tinatsetserekera kumalo amene amawatcha munda wa othawa. Apa ndiye ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa gulu lathu silinachedwepo.

Tsiku loyamba la kuphulika, phiri linkagwetsa timiyala topepuka tokhala ngati chinkhupule, usana ndi usiku, mpaka tinaunjikana pafupifupi mamita atatu, madenga n'kumagwa. M'mawa mwake ndi pamene kunatsika mtambo wa phulusa lotentha, wothamanga kuposa chilichonse cha miyendo, umene unapha onse amene anatsala. Phulusalo linauma mozungulira mitembo, mitemboyo inaola, n'kutsala mphako zokhala ndi mafupa mkati. Mu 1863 mkulu woyang'anira ntchito yofukula, Giuseppe Fiorelli, anayamba kuthira pulasitala m'mphakozo, ndipo pochotsa phulusa la kunja kunkatuluka munthu mmene anagwera, mpaka makwinya a chovala ndi zingwe za nsapato. Njira yomweyi ndi imene mayi Jashemski anadzatengera pa mizu ija. M'munda wa othawa muli anthu 13, akuluakulu ndi ana, amene anapezeka mu 1961. Zikuoneka kuti anapirira usiku wonse, ndipo ataona kuti timiyala taleka kugwa anatuluka n'kumayenda pamwamba pake kulowera kuchipata cha mzinda chimene chili pafupi. Mmodzi anafa atatsamira chigongono, ngati akufuna kudzuka. Ndipo malo amene anagwerawo anali munda wa mpesa, wokhala ndi pokhala podyera panja nthawi yotentha.

Tinaimapo mphindi zisanu. Ndikudziwa chifukwa ndinayang'ana wotchi, chizolowezi cha woyang'anira mayeso. Ena anatembenuka n'kudzijambula okha ndi foni, anthu 13 aja ali kumbuyo kwawo. Ife tili ana ankatiletsa ngakhale kuloza chala kumanda, ndiye ine ndinangovula chipewa, ndipo mphwanga ataona anavulanso chake. Sindikuti anzathu aja ndi oipa mtima. Munthu ukamuuza kuti uli ndi maola awiri ndipo minibasi sidikira, amaona ndi foni kuti akaonere bwino kunyumba.

Pa nkhani ya anthu a pulasitalawa, aphunzitsi a History mumve ichi. Kwa zaka zambiri operekeza alendo ankaloza munthu wina wa m'nyumba ina, amene anafa atavala chibangili chagolide, mwana ali pamiyendo, n'kumati ndi mayi ndi mwana wake. Mu 2024 ofufuza anatulutsa zotsatira za DNA ya m'mafupawo: wamkuluyo anali mwamuna, ndipo sanali pachibale ndi mwanayo. Nkhani yokoma ija inali yongoganizira. Koma kwa ine yoonayo ndi imene ikugwira mtima kwambiri, kuti munthu anafa atanyamula mwana wa eni.

Kenako tinalowa mumsewu waukulu, Via dell'Abbondanza, wa miyala ikuluikulu yokhala ndi mikwasa ya magaleta, ndi miyala yodumphira kuti usaponde zonyansa. Apa vinyo ali paliponse ukadziwa kuyang'ana. M'mzindawu apezamo malo ogulitsira chakudya ndi zakumwa pafupifupi 80, okhala ndi kauntala ya miyala imene anakwiriramo mitsuko. Pamalo ena, a Vetutius Placidus, mumtsuko umodzi munapezeka makobidi olemera pafupifupi makilogalamu atatu, mwina zogulitsa za masiku omaliza, zimene mwini wake sanabwererenso kudzatenga. Pakhoma la bala ina munthu analembapo mitengo: kobidi limodzi, limene iwo ankati as, umamwa vinyo wamba, awiri, wabwinoko, anayi, wa Falernum, amene anali wa mabwana. Ndinaseka ndekha, chifukwa mndandanda wotere ndinauonapo m'magolosale a kwathu kuno, wolembedwa ndi choko pa katoni. Aroma ankasakaniza vinyo ndi madzi, ndipo womwa wosasakaniza ankamuona ngati wopanda mwambo. Ndipo vinyo wa ku Pompeii sanali ndi mbiri yabwino kwenikweni. Pliny wamkulu, amene analemba za mitundu ya vinyo m'buku lake la Natural History, anadandaula kuti amapweteketsa mutu mpaka masana a tsiku lotsatira. Pliny yemweyo, amene ankalamulira zombo za nkhondo ku Misenum, anafera pagombe la Stabiae pa kuphulika komweku atapita kukapulumutsa anthu. Nkhani yonse timaidziwa chifukwa cha mphwake, Pliny wamng'ono, amene anali ndi zaka 17, msinkhu wa ana athu a Fomu 4. Anakana kukwera nawo chombo chifukwa anali ndi ntchito yolemba imene amalume ake omwewo anamupatsa, ndipo patapita zaka anadzalembera Tacitus makalata awiri ofotokoza zimene anaona. Ana anga, nayo homuweki ina imene inapulumutsa munthu.

Ngakhale tsiku lenileni la ngoziyi limakhudza vinyo. Mabuku ambiri amati 24 August. Koma kumafamu a ku Boscoreale, pafupi pomwepo, anapeza mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa pansi, ina itamatidwa kale pakamwa, ngati kuti mphesa anali atakolola ndi kufinya, ntchito imene imachitika cha mu September ndi October. Pafamu ina yaing'ono, Villa Regina, pali mitsuko 18 yotha kusunga malita pafupifupi 10,000. Mu 2018 anapezanso mawu olembedwa ndi khala pakhoma, otchula tsiku lofanana ndi 17 October, ndipo ambiri anayamba kunena kuti phirilo linaphulika pa 24 October. Ena akadali pa August pomwepo ndipo mkangano ukupitirira. Ine ndinali pamenepo mu October, fungo la mphesa zofinyidwa lili m'mwamba monse, ndiye mukudziwa mbali imene mtima wanga unapendekera, ngakhale mtima si umboni.

Tinathera pabwalo lalikulu la pakati pa mzinda, pamene Vesuvius amaonekera bwino kuseri kwa zipilala, ali phee ngati sanalakwepo. Wotiperekeza anatolera zingwe zake za m'khutu, tinamuombera m'manja, dalaivala n'kutitenga.

Ulendo wokwera phiri sunakwane theka la ola. Nyumba zili thothotho, ana akuchokera kusukulu, zovala zili pazingwe, mpaka msewu unayamba kukhotakhota pakati pa minda. Titatsika, anzathu analunjika kumatebulo, koma ine ndinayamba ndagwada n'kutapa dothi. Lakuda, lofewa, losakanikirana ndi timiyala topepuka tija tinagwetsa madenga kumusi kuja. Silisunga madzi pamwamba, mizu imalowa mozama mosavuta, ndipo lili ndi michere yambiri, makamaka potaziyamu, yemwe uja ife timagula m'thumba. Pakhonde panali matimati ang'onoang'ono atamangidwa m'mikoko n'kupachikidwa kudenga, monga timapachikira chimanga cha mbewu. Amawatcha piennolo, ndipo amakhala miyezi osaola.

Mayi wa pabanja la eni mundawo anatiyendetsa m'mizere mphindi zochepa, kenako kudya. Anabweretsa buledi, mafuta a olivi, tchizi, nyama yowuma yodula mopyapyala, sipageti wa matimati aja, ndi matambula anayi kutsogolo kwa aliyense. Vinyo wa kumeneko dzina lake ndi Lacryma Christi, kutanthauza misozi ya Khristu, ndipo alipo woyera, wofiirira ndi wofiira. Wofiirayo amachokera ku mphesa yotchedwa piedirosso, phazi lofiira, chifukwa kaphesi kake kamafiira ngati phazi la nkhunda. Mayiyo anatiphunzitsa kugwedeza tambula, kununkhiza, kenako kumwa pang'ono, ndipo anati timve fungo la maluwa, la zipatso, ndi la mwala. Anzathu ankagwedeza mitu kuti akumva. Ine lilime langa linakulira thobwa, ndiye ndinganene zoona zokhazokha: woyerayo anali wozizira bwino ndi kamchere pang'ono kumapeto, wofiirayo anali ndi kakhambi konga ka nthudza yosapsetsa, ndipo onse ankayenda bwino ndi chakudya. Kwa inu osamwa, musade nkhawa, panali mayi wina amene sanakhudze tambula ndipo anadya bwino kuposa tonse.

Pofika tambula yachitatu tebulo linali phokoso lokhalokha, ndipo panalibe amene anatchulanso za m'mawa zija. Ndinadzifunsa ngati n'koyenera kuona anthu 13 atagona m'munda wa mpesa nthawi ya 11 koloko, n'kumaseka m'munda wina wa mpesa 1 koloko. Kudya pafupi ndi imfa si kwachilendo kwa ife. Pamaliro timaphika nsima, ndipo pa bona amafulula mowa, anthu n'kumwa ndi kuvina pokumbukira amene anapita. Aroma nawonso ankatero. Kunja kwa chipata chomwe chija anthu 13 ankalowera kuli manda, ndipo pamanda ena pali timipopi tadothi tolowa pansi, momwe achibale ankathiramo vinyo kuti afike kwa womwalirayo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bona womwalirayo amatchulidwa dzina, aliyense amadziwa chimene wabwerera. Patebulo pathu paja akufawo anali atatsala kumusi pamodzi ndi zingwe za m'khutu. Ndinapendeketsa tambula yanga pansi pa tebulo n'kudontheza pang'ono panthaka, monga ankachitira agogo anga ndi chipanda cha masese. Mphwanga anandinong'oneza kuti, "Amalume, madontho amenewo ndi a ndalama." Ndinati ndikudziwa.

Mbale zitachotsedwa ndinamufunsa mayi uja, kudzera mwa mphwanga, funso la mwana wa m'kalasi lija. Anaseka, n'kuloza phiri ndi chibwano, nati agogo ake anaona kuphulika kwa mu March 1944, nkhondo ili mkati, pamene chiphalaphala chinalowa m'tauni ya San Sebastiano, ndipo phulusa litazizira anabwerera kukadulira mpesa wawo. Anati kwina angapite kuti kumene dothi lingamupatse zimene limamupatsa pano, nanga munda angaunyamule pamutu?

Apa ndi pamene funso lija limakula. Anthu a mu 79 AD tingawakhululukire, chifukwa phirilo linali litagona zaka mazana ambiri. M'nyumba ina ya ku Pompeii anajambula mulungu wawo wa vinyo, Bacchus, thupi lonse lili mphesa, ataima pambali pa phiri lobiriwira ndi minda, ndipo chithunzicho chili kunyumba yosungira zakale ku Naples. Spartacus ndi akapolo anzake atazingidwa paphiri lomweli mu 73 BC anatsika kuphompho ndi zingwe zopota ndi mpesa wakutchire. Strabo analemba kuti miyala ya pamwamba ikuoneka ngati inapsapo ndi moto, ndipo anaganiza kuti chonde cha dera lonselo chimachokera pamenepo. Ngakhale chivomezi chachikulu cha mu 62 AD sanachione ngati chenjezo, anangoyamba kukonza nyumba. Koma a lerowa akudziwa zonse. Phiri lili ndi zipangizo zoliyeza usana ndi usiku, boma linajambula dera loopsa kwambiri mmene muli anthu pafupifupi 700,000, ndipo pali dongosolo lowasamutsa zizindikiro zikadzaoneka. Akudziwa, ndipo akudulira mpesa.

Ife sitingawaseke. Chaka chomwecho cha 2023, mu March, namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, ndipo akuluakulu mukukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi amasefukira, anthu amasamutsidwira kumtunda, madzi akaphwa ena amabwerera kumadimba, ife a m'tauni n'kumati ndi osamva. Chimene chimawabweza ndi chomwe chija ndinatapa m'manja: madzi amene anagumula nyumba ndi omwewo anasiya dothi lobereka popanda feteleza. Ndipo pali china chimene buku silinena. Ku Pompeii apeza mitembo yoposa 1,100, mumzinda umene ambiri amati munali anthu pafupifupi 11,000, kusonyeza kuti ochuluka anathawa tsiku loyamba lija. Funso labwino kwa ana athu ndi lakuti anatsala ndani, ndipo chifukwa chiyani. Okalamba, odwala, oyembekezera, osafuna kusiya katundu, ndi amene analibe ufulu wonyamuka. Minda ikuluikulu ya mpesa ankalima ndi akapolo. Mu 2021, pafamu ina kunja kwa linga, ku Civita Giuliana, anafukula kachipinda ka akapolo kokhala ndi mabedi atatu a zingwe, limodzi lalifupi ngati la mwana, ndi mitsuko itaunjikidwa pakona. Za iwowa sanatiuze m'mawa, sanatiuzenso masana.

Amene mungadzapeze mwayi wopita, ndikuti pitani, ulendo wa mbali ziwiriwu ndi wabwino, koma mudzafunse musanalipire kuti m'mabwinja mukhalamo maola angati ndipo mulowera chipata chiti. Mukalowera cha kumadzulo, maola awiri amatha musanafike kumunda wa othawa ndi ku mizere ya mayi Jashemski. Ngati muli ndi tsiku lina, kwerani sitima ya Circumvesuviana yochokera ku Naples kupita ku Sorrento, mutsikire pa Pompei Scavi, muyende nokha mpaka miyendo ikane. Kuyambira mu November 2024 anaika malire a anthu 20,000 patsiku ndipo tikiti imalembedwa dzina, ndiye guliranitu. Nsapato zikhale zafulati, botolo la madzi mudzadzaza pamipopi ya m'misewu momwemo. Ndipo musatole kamwala, n'koletsedwa, komanso oyang'anira malowo amalandira timaphukusi ta anthu obweza zimene anaba, ena atalemba kalata yoti chitengereni zinthu sizikuwayendera. Eti azungu nawonso amaopa minyama.

Teremu ikubwerayi ndagwirizana ndi mnzanga wa History kuti phunziro la mapiri ophulika tidzaphunzitse limodzi, iye ndi makalata a Pliny, ine ndi choko changa chofiira, ndipo ana ochokera ku Lower Shire ndi ku Phalombe adzayambe ndi iwo kulankhula. Zithunzi za munda uja wa pafupi ndi bwalo la masewera, za dothi ndi za mndandanda wa mavinyo ndinatsukitsa, zili mu kabati ya ku staff room. Amene mukuzifuna za kalasi lanu mudzabwereke, koma mudzasaine m'kope, chifukwa mapu anga a Africa amene anabwerekedwa mu 2019 sanabwerebe.